Chingerezi chimayambira kukhutu

Munthu atha kukwera galimoto paboma la Mchinji, kudutsa pachipata cha Mwami, kukafika ku Chipata m'dziko la Zambia, kugula katundu wake n'kubwerera tsiku lomwelo osayankhulapo ngakhale liwu limodzi la Chingerezi. Mbali zonse ziwiri za malire anthu amamvana bwinobwino, kaya wina achitche Chichewa kaya Chinyanja. Pamsika wa Kamwendo, pa Mkanda, pa Kapiri ngakhale pa Waliranji, mtedza, soya ndi kachewere zimagulitsidwa m'chiyankhulo cha makolo.

Pamalonda ndi pachibale limeneli ndi dalitso. Koma kwa mwana wa sukulu nkhaniyi ili ndi mbali yake ina. Mwanayo amakula osamva Chingerezi chikuyankhulidwa pa nkhani za tsiku ndi tsiku. Amachiona m'buku, amachikopera pabolodi, amachiloweza pokonzekera mayeso, koma khutu lake silichizolowera. Tsiku lomwe adzakhale pamaso pa omufunsa mafunso a ntchito, kapena m'kalasi ya kukoleji momwe mphunzitsi sabwereza kawiri, m'pamene amadzazindikira kuti Chingerezi chomwe amachidziwa papepala chimasanduka chachilendo chikatuluka m'kamwa mwa munthu.

Makolo ena akaona vutoli amagula dikishonale, ena amalipira maphunziro apadera. Ena amangotsegula wailesi ya kunja n'kumukhazika mwana pambali pake kuti azimvera. Pakatha mphindi zisanu mwana uja wayamba kuwodzera, ndipo kholo limati ndi ulesi. Chonsecho vuto lagona poti zomwe wapatsidwazo si za msinkhu wake. Zomvera zilipo zambiri masiku ano, pawailesi, m'mafoni, kutchalitchi ndi pa intaneti. Ntchito yaikulu ndi kudziwa kusankha kuti izi ndi za wa sitandade 3, izi za wa fomu 2, izi za amene adalemba kale mayeso a MSCE.

Khutu lidatsalira m'kalasi

Kuyambira 1968, pomwe boma lidakhazikitsa Chichewa ndi Chingerezi ngati ziyankhulo za dziko lino, ana ankaphunzira m'Chichewa kuyambira sitandade 1 mpaka 4, kenako n'kulowa m'Chingerezi pofika sitandade 5. Mu 2014 unduna wa zamaphunziro udalengeza kuti Chingerezi chizigwiritsidwa ntchito kuyambira sitandade 1, potsatira lamulo la maphunziro la 2013. Komabe m'makalasi ambiri a kumudzi aphunzitsi amathandizirabe ndi Chichewa, poti akapanda kutero ana atuluka osatolapo kanthu.

Kuchuluka kwa ana nakonso kumavutitsa. Maphunziro a ulere a pulaimale atayamba mu 1994, chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'kanthawi kochepa. Mpaka lero si zachilendo kupeza mphunzitsi mmodzi ali ndi ana oposa 100 m'makalasi oyambirira. M'kalasi yotere njira yapafupi ndi yoti mphunzitsi anene chiganizo, ana onse abwereze pamodzi mokweza. Ana amaloweza ndithu, koma kubwereza mawu ndi kumva tanthauzo lake ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Mayeso nawo salimbikitsa khutu. Chingerezi cha pa mayeso a PSLCE, JCE ndi MSCE, omwe amakonzedwa ndi bungwe la Maneb, ndi cholemba: galamala, chimangirizo, kuwerenga ndime ndi kuyankha mafunso, komanso mabuku a nkhani ndi zisudzo. Popeza munthu sangalandire satifiketi ya MSCE atalephera Chingerezi, mphunzitsi amaika mtima pa zomwe zidzabwere papepala. Palibe angamudzudzule. Koma mapeto ake ndi wophunzira wokhoza bwino galamala amene amangoti kakasi mlendo akamufunsa njira.

Chomwe chimasokoneza khutu

Pali zifukwa zomveka zomwe Mchewa amavutikira kumva Chingerezi choyankhulidwa, ndipo palibe chokhudza nzeru. Chichewa chili ndi maliwu asanu okha: a, e, i, o ndi u. Chingerezi cha ku Britain chili ndi maliwu otere pafupifupi 20. Khutu lozolowera asanu limamva "ship" ndi "sheep" ngati liwu limodzi, chonsecho lina ndi sitima ya pamadzi, lina ndi nkhosa. Chimodzimodzi "live" ndi "leave", kukhala ndi kuchoka.

M'Chichewa, l ndi r sasintha tanthauzo la mawu. Wina anene Chingerezi, wina Chingelezi, onse amveka. Koma m'Chingerezimo "play" ndi kusewera pomwe "pray" ndi kupemphera. Palinso manambala monga "thirteen" ndi "thirty", 13 ndi 30, omwe amasiyana pang'ono chabe pakamvekedwe. Wamalonda amene sawasiyanitsa atha kuluza ndalama pokambirana mtengo ndi dalaivala wa thiraki wochokera kutali.

Chovuta china n'chakuti eni chiyankhulochi amalumikiza mawu ndi kumeza ena akamayankhula mwachangu. Zomwe zimalembedwa kuti "going to" zimamveka ngati "gonna". Mwana amene adangozolowera kumva mphunzitsi akutchula liwu lililonse palokhapalokha amasochera, ngakhale mawu onsewo akuwadziwa. Mankhwala a zonsezi ndi amodzi: kumva Chingerezi chambiri, kawirikawiri, chomwe munthu akuchitsatira.

Wailesi idayesapo kale

Nzeru yophunzitsira kudzera m'khutu si yatsopano m'dziko muno. Sukulu ya Malawi Correspondence College, yomwe idayamba mu 1965 ndipo pambuyo pake idadzatchedwa Malawi College of Distance Education, inkagwiritsa ntchito mapulogalamu a pawailesi ya MBC pothandiza ophunzira akutali. Ambiri mwa makolo omwe adadutsa m'sukulu za MCDE, zisadasanduke ma CDSS mu 1998, adaphunzira mwa njira imeneyi.

Mu 2008 pawailesi ya MBC padayamba kumveka pulogalamu ya Tikwere, yomwe unduna wa zamaphunziro udakonza ndi bungwe la Education Development Center ndi thandizo la USAID. Idayambira sitandade 1, kenako n'kufika sitandade 2 ndi 3. Phunziro lililonse linkatenga mphindi 30, ndipo sukulu zidalandira mawailesi opukusa ndi dzanja kapena oyendera dzuwa kuti nkhani ya mabatire isavute. Mphunzitsi wa pawailesi ankafunsa funso n'kukhala chete kwa kanthawi kuti ana a m'kalasi ayankhe, aimbe kapena achite zomwe auzidwa.

Kutsidya kwa malire, dziko la Zambia lidayamba kale mu 2000 pulogalamu yofanana nayo ya Learning at Taonga Market, yomwe cholinga chake choyamba chidali kufikira ana osapita kusukulu, ambiri mwa iwo amasiye. Njirayi idachokera ku Nicaragua, komwe idayesedwa pa masamu m'zaka za m'ma 1970, ndipo ku Kenya idagwiritsidwa ntchito pophunzitsa Chingerezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980.

Thandizo la ndalama litatha, Tikwere idazilala. Idadzakumbukiridwanso mu 2020, sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi chifukwa cha mliri wa Covid-19, pomwe boma lidabwerera kuwailesi kuti ana asaiwaliretu sukulu. Phunziro lomwe mapulogalamuwa adasiya ndi lakuti zomvera zimathandiza zikakonzedwa molingana ndi kalasi ya mwana, komanso mwanayo akamayankhapo osati kungokhala duu.

Muyeso wa msinkhu

Kodi kholo lingadziwe bwanji kuti zomvera izi n'zoyenera mwana wake? Akatswiri a ziyankhulo adafufuzapo za nkhaniyi. Stephen Krashen wa ku America adatchuka m'zaka za m'ma 1980 pophunzitsa kuti munthu amatola chiyankhulo akamamva zinthu zomwe akuzitsatira, zongopitirira pang'ono pomwe iye wafika. Zikaphweka kwambiri saphunzirapo chatsopano. Zikalimba kwambiri zimangokhala phokoso.

Paul Nation wa ku New Zealand adawerengera mu 2006 kuti munthu amafunika kudziwa mabanja a mawu 6,000 mpaka 7,000 kuti azindikire mawu 98 mwa 100 alionse a Chingerezi choyankhulidwa. Banja la mawu ndi monga "teach", "teacher" ndi "teaching", omwe amawerengedwa ngati amodzi. Mu 2013 Hilde van Zeeland ndi Norbert Schmitt a ku yunivesite ya Nottingham adapeza kuti pomvera nkhani wamba, kudziwa mawu 95 mwa 100 kumakwanira kuti munthu atsatire bwino, ndipo izi zimafuna mabanja a mawu 2,000 mpaka 3,000.

Tanthauzo lake pakhomo ndi ili: ngati mwa mawu 20 alionse mwana sakudziwa limodzi lokha, zomverazo n'zabwino. Ngati sakudziwa asanu, n'zamtsogolo. Kholo silifunika kudziwa Chingerezi kuti liyeze zimenezi. Mwana amvere kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, kenako afotokoze m'Chichewa kuti akuyankhula ndani, ali kuti ndipo nkhani yake ndi yotani. Akafotokoza mosavuta, msinkhu wake ndi womwewo. Akangotola liwu limodzilimodzi apa ndi apo, atsike sitepe imodzi. Kutsika si manyazi, kuthamanga si kufika.

Zomvera zambiri za pa intaneti zimalembedwa zizindikiro za A1, A2, B1, B2, C1 ndi C2. Uwu ndi muyeso womwe bungwe la Council of Europe lidatulutsa mu 2001. A1 ndi woyamba kumene, C2 ndi katswiri. Kudziwa zizindikiro zimenezi kumapulumutsa bandulo, chifukwa munthu satsitsa zinthu zomwe sangazigwiritse ntchito.

Sitepe yoyamba: oyamba kumene

Apa pali ana a sitandade 1 mpaka 4, komanso akuluakulu omwe adalekeza sukulu panjira koma akufuna Chingerezi cha pageni kapena cha paulendo. Kwa amenewa chomvera choposa zonse ndi munthu wamoyo. Mkulu wake wa kusekondale atha kumuuza m'Chingerezi kuti aimirire, akhale pansi, atseke chitseko, abweretse kapu, agwire mphuno. Mwanayo sayenera kuyankha ndi mawu. Akachita zomwe wauzidwa ndiye kuti wamva, ndipo masewera oterewa ana amawakonda.

Nyimbo za kusukulu ya mkaka, moni, manambala, masiku a sabata, mitundu ya zinthu ndi maina a ziwalo za thupi ndizo chakudya cha sitepe imeneyi. Zikhale zazifupi, mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo zibwerezedwe masiku angapo. Wamkulu amatopa ndi kubwereza, koma mwana amakondwa akamva chinthu chomwe akuchidziwa kale.

Foni wamba ya mabatani, monga za itel ndi Tecno zomwe zadzaza m'misika, imakhala ndi chojambulira mawu. Mphunzitsi kapena wophunzira wa fomu 4 atha kuwerenga pang'onopang'ono nkhani ya m'buku la Chingerezi la kalasi ya mwanayo n'kuijambula. Madzulo mwana amamvera akulondola ndi chala m'buku. Zomvera zotere zimaposa zambiri za kunja, popeza mawu ake ndi omwe akuphunzira sabata imeneyo ndipo katchulidwe kake ndi kozolowereka. Omwe ali ndi intaneti atha kupezanso timabuku ta ulere ta African Storybook, ntchito yomwe idayambira ku South Africa, momwe muli nthano za ku Africa m'Chingerezi ndi m'ziyankhulo zina, zosanjidwa kuyambira zophweka mpaka zolimba.

Sitepe yachiwiri: sitandade 5 mpaka fomu 1

Pamsinkhu uwu m'pamene ana ambiri amagwa mphwayi, poti maphunziro onse kupatula Chichewa amafuna Chingerezi. Chinsinsi cha sitepeyi ndi kumvera nkhani yomwe mwana akuidziwa kale. Mawailesi a MBC ndi Zodiak amawerenga nkhani m'Chichewa komanso m'Chingerezi tsiku lililonse, ndipo mitu yake imakhala yofanana. Mwana ayambe wamvera za Chichewa, adziwe kuti lero kwachitika zotani, kenako adikire za Chingerezi. Maina a anthu ndi malo omwe wawamva kale amakhala ngati zikhomo zomugwira kuti asasochere. Breeze FM ya ku Chipata nayo imaulutsa m'Chinyanja ndi m'Chingerezi, ndipo m'madera oyandikira malire momwe imamveka itha kugwira ntchito yomweyo.

Mabanja opemphera ali ndi mwayi wina. Mwana amene adakula akumva za Yosefe ndi abale ake kapena za Msamariya wachifundo savutika kutsatira nkhani zomwezo m'Chingerezi. Baibulo la Good News, lomwe lidatuluka lathunthu mu 1976, lidalembedwa dala m'Chingerezi chophweka, ndipo mabaibulo owerengedwa mokweza amapezeka oika mufoni. Mapemphero a Chingerezi omwe mipingo yambiri ya m'matauni imachita Lamulungu m'mawa ndi kalasi ina ya ulere. Ana a Chisilamu nawo atha kumvera m'Chingerezi mbiri za aneneri zomwe adaziphunzira kale kumadrasa.

Kuchokera kunja, zomwe zidathandiza anthu ambiri pamsinkhu uwu ndi Special English ya wailesi ya Voice of America, yomwe idayamba pa 19 Okutobala 1959. Owerenga ake ankagwiritsa ntchito mawu osankhidwa pafupifupi 1,500, ziganizo zazifupi, ndi liwiro lochepera la masiku onse ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mu 2014 dzina lidasintha kukhala Learning English. Mu Malichi 2025 boma la America lidaimitsa ntchito zambiri za wailesiyi, koma mapulogalamu akale a zaulimi, zaumoyo ndi zasayansi omwe anthu adasunga akadali othandiza. Bungwe la British Council nalo lili ndi tsamba la LearnEnglish pomwe zomvera zidasanjidwa kuyambira A1 kupita m'tsogolo, chilichonse ndi mawu ake olembedwa komanso mafunso.

Sitepe yachitatu: fomu 2 mpaka 4

Wophunzira wa pa Magawa, pa Ludzi kapena pa CDSS ina iliyonse m'bomali akafika apa ayenera kuyamba kumvera nkhani za Chingerezi osadalira za Chichewa. Ayesenso zokambirana za anthu awiri kapena atatu, poti zimenezi n'zolimba kuposa nkhani zowerengedwa. Wowerenga nkhani amatsata pepala, pomwe anthu okambirana amadulana mawu, amaseka, amabwerera m'mbuyo.

Bungwe la BBC, lomwe lidayamba kuphunzitsa Chingerezi pawailesi mu 1943, lili ndi pulogalamu ya 6 Minute English. Monga dzina likunenera, imatenga mphindi 6. Anthu awiri amakambirana mutu umodzi ndi kumasulira mawu angapo atsopano, ndipo zonse zomwe anena zimapezeka zolembedwa. Palinso tsamba la Randall's ESL Cyber Listening Lab, lomwe mphunzitsi wa ku America, Randall Davis, adayambitsa mu 1998 ndipo lidagawidwa patatu: zophweka, zapakati ndi zolimba.

Wokonzekera MSCE atha kupindula kawiri. Pomvera nkhani alembe mfundo zikuluzikulu mwachidule, ndipo potero akunola luso lomwe limafunikanso pamayeso olemba. Zisudzo za William Shakespeare monga Macbeth ndi Romeo and Juliet, zomwe ophunzira a MSCE akhala akuwerenga m'zaka zosiyanasiyana, zidalembedwa kuti zizimveka pabwalo. Kuzimvera buku lili m'manja kumathandiza kudziwa amene wakwiya, amene akunyoza ndi amene akulira. Gulu la LibriVox, lomwe lidayamba mu 2005, limajambula mabuku akale otere ndi kuwapereka mwa ulere.

Mpira nawo ndi mphunzitsi. Mnyamata woonera ligi ya ku England m'nyumba zoonetsera kanema amamva Chingerezi chothamanga, koma maso amamuthandiza kumasulira chifukwa zomwe zikunenedwazo akuziona. Mafilimu omasuliridwa m'Chichewa, omwe afala m'misika, ndi osangalatsa ndithu, koma pa nkhani ya Chingerezi saphunzitsa kanthu popeza womasulira waphimba mawu onse. Mafilimu a ku Nigeria ndi ku Ghana osamasulira ndiwo angathandizeko, bola kholo liyambe laona ngati ali oyenera ana.

Sitepe yachinayi: atatha MSCE

Amene akupita kukoleji, kukafunsira ntchito kapena kukagwira ntchito kunja ayenera kuzolowera Chingerezi cha anthu a mitundu yosiyanasiyana. Pachipata cha Mchinji ndi Mwami, chomwe atsogoleri Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema adachitsegulira mu Disembala 2022 ngati malo amodzi oonera zikalata za maiko onse awiri, pamadutsa madalaivala ndi amalonda a maiko ambiri. Wogwira ntchito yokhudza katundu wodutsa pamenepo amakumana ndi Chingerezi cha Mtanzania, cha Mzimbabwe, cha Mmwenye ndi cha Mtchaina, chilichonse ndi kamvekedwe kake. Chimodzimodzi wopita ku Johannesburg kapena ku Cape Town.

Zokambirana za Nyumba ya Malamulo, zomwe zimaulutsidwa pawailesi aphungu akamakumana, n'zoyenera sitepe imeneyi. Gawo 51 la malamulo aakulu a dziko lino limafuna kuti phungu azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutenga nawo mbali m'zokambiranazo, choncho womvera amamva Chingerezi cha bajeti, cha malamulo ndi cha mtsutso pa nkhani zomwe zikumukhudza. Mapulogalamu a BBC World Service okamba za Africa amaonjezera mawu a atolankhani a ku Lagos, Nairobi ndi London.

Anamwino, aphunzitsi ndi ophunzira ofuna kupita ku Britain, Australia kapena Canada nthawi zambiri amafunsidwa mayeso a IELTS. Gawo lomvera la mayesowa limatenga mphindi pafupifupi 30, lili ndi mafunso 40, ndipo zojambulidwazo zimamveka kamodzi kokha. Kwa munthu amene kuyambira sitandade 1 sadayesedwepo khutu, gawo limeneli limakhala phiri. Mayesowa ndi okwera mtengo, kotero kuwabwereza chifukwa cha gawo limodzi kumapweteka banja lonse lomwe lidasonkha ndalama.

Kuzipeza osawononga ndalama

Kalembera wa 2018 adapeza kuti boma la Mchinji lili ndi anthu oposa 600,000. Kalembera yemweyo adaonetsa kuti m'dziko lonse mabanja oposa theka adali ndi foni ya m'manja, pomwe okhala ndi wailesi adali pafupifupi banja limodzi mwa atatu. Choncho chida chomwe chili pafupi ndi ana ambiri ndi foni, ndipo mafoni ambiri a mabatani ali ndi wailesi ya FM komanso malo a memori khadi.

Masamu ake ndi olimbikitsa. Mawu ojambulidwa mwa MP3 amatenga pafupifupi 1MB pa mphindi imodzi. Ndiye kuti 1GB imasunga maola oposa 15 a zomvera, zokwanira teremu yonse kwa mwana womvera mphindi 15 patsiku. Mavidiyo amadya bandulo kwambiri, choncho pomwe pali mwayi wosankha, ndi bwino kutsitsa mawu okha pamodzi ndi zolembedwa zake.

Sikofunika kuti banja lililonse ligule bandulo. Munthu mmodzi wa foni yamakono, kaya mphunzitsi, kaya mlangizi wa zaumoyo, atha kutsitsa kamodzi n'kugawira ena kudzera pa Bluetooth kapena pa WhatsApp. Anyamata omwe amaika nyimbo ndi mafilimu m'mamemori khadi pamisika ali kale ndi makompyuta. Atapatsidwa zomvera zosanjidwa m'magulu anayi, gulu lililonse ndi dzina la kalasi yake, atha kumaziika m'makhadi monga amachitira ndi nyimbo. Kusanjako n'kofunika kwambiri, chifukwa khadi yodzaza zinthu zosakanikirana imabwezera mwana ku vuto lomwe lija losadziwa poyambira.

Kamveredwe kake

Kukhala ndi zomvera zabwino ndi chiyambi chabe. Aphunzitsi a ziyankhulo amalangiza kumvera chinthu chimodzi katatu. Koyamba, popanda pepala, kungofuna kudziwa mutu wa nkhani. Kachiwiri, ndi mafunso awiri kapena atatu m'mutu: zidachitika liti, adachita ndani, zidatha bwanji. Kachitatu, akuwerenga zolembedwa kuti aone mawu omwe khutu lidawaphonya. Pomaliza afotokoze nkhaniyo m'mawu akeake, m'Chichewa ngati ali woyamba, m'Chingerezi ngati wapita patsogolo.

Mphindi 10 kapena 15 tsiku lililonse zimaposa maola atatu a Loweruka lokha. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Zikathamanga, YouTube ndi mapulogalamu ena oseweretsera mawu amalola kuchepetsa liwiro, koma wophunzira asakhazikike pamenepo mpaka kalekale, popeza anthu enieni sayankhula mwa liwiro lochepetsedwa.

Pakhomo pafunikanso chilungamo. M'mabanja ambiri wailesi ndi foni zimakhala m'manja mwa bambo, ndipo nthawi ya nkhani za madzulo imapeza mtsikana ali pamoto kapena kumjigo pomwe mlongo wake wakhala pakhonde. Ubwino wa zomvera ndi woti sizifuna manja. Mtsikana atha kumvera akusenda mtedza kapena akutsuka mbale, ngati foniyo aloledwa kuigwira. Koposa apo, ntchito zigawidwe kuti naye apeze mphindi zake zokhala pansi ndi buku.

Chichewa si mdani

Pofuna kuti ana adziwe Chingerezi, sukulu zina zimalanga wopezeka akuyankhula Chichewa, ndipo makolo ena a m'tauni amaletsa chiyankhulochi pakhomo. Kafukufuku yemwe adachitika mbali zonse ziwiri za malire athu akuonetsa kuti njira imeneyi ilibe phindu lomwe anthu amaliyembekezera.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Eddie Williams wa ku yunivesite ya Reading ku England adayesa kawerengedwe ka ana a pulaimale m'Malawi ndi m'Zambia. Nthawi imeneyo ana a ku Zambia ankaphunzira m'Chingerezi kuyambira giredi 1, pomwe a kuno ankayamba ndi Chichewa. Pofika chaka chachisanu, ana a maiko awiriwa sadasiyane kwenikweni pa kuwerenga Chingerezi, koma a ku Malawi adawaposa kutali anzawo pa kuwerenga chiyankhulo cha kwawo. Kumiza mwana m'Chingerezi chomwe sakuchimva sikudawapatse a ku Zambia mwayi woposa.

Agogo osadziwa Chingerezi omwe amafunsa mdzukulu kuti awafotokozere zomwe wamva pawailesi akumuphunzitsa mokwanira, chifukwa mwana sangafotokoze chomwe sadachimve. Ndipo cholinga si choti mwana wa kwa Mkanda kapena kwa Mavwere aziyankhula ngati wobadwira ku London. Chingerezi cha Mmalawi chili ndi kamvekedwe kake ngati momwe chilili cha Mnaijeriya kapena cha Mmwenye. Chofunika n'choti amve ena ndipo ena amumve.

Ntchito yotsala ndi yosonkhanitsa. Zoni iliyonse ya sukulu za pulaimale ili ndi malo okumanirapo aphunzitsi a TDC, komwe aphunzitsi a Chingerezi atha kugwirizana zomvera za kalasi iliyonse, kujambula okha nkhani za m'mabuku a boma ndi kusunga zonse pakompyuta imodzi kuti aliyense wobwera ndi khadi azitengako. Makomiti a makolo ndi aphunzitsi atha kugula kasipika kamodzi kotchaja ndi dzuwa ka sukulu yonse. Wailesi ya m'dera ya Mudzi Wathu, yomwe ili paboma pomwepo, ikhoza kupatula mphindi zochepa pasabata zowerenga nkhani za m'bomali m'Chingerezi chapang'onopang'ono, monga mitengo ya mtedza, kagwedwe ka mvula ndi zotsatira za mpira wa sukulu. Zonsezi sizidikira thandizo la kunja ngati lomwe Tikwere inkadalira, ndipo teremu ikubwerayi sukulu iliyonse yofuna itha kuyambapo ndi kalasi imodzi.